Mpanda umene umaphuka

Tsiku lina ndili pa wailesi yathu, bambo wina wa ku Furancungo anaimba foni kudandaula kuti mwana wake wadula nkhadze zonse zozungulira pakhomo kuti amange mpanda wa njerwa. Ndinamuseka pang'ono, nkumuuza kuti nthawi yasintha. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa ndinakumbukira kuti banja lathu lili ndi malo lero chifukwa cha nkhadze zomwezo.

Mpanda wa mitengo yamoyo si wachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1800, pamene kugwira akapolo ndi nkhondo zinali ponseponse, mudzi wopanda linga unali ngati khola lopanda chitseko. Mawu amene Apwitikizi ankalemba kuti aringa ndi linga lathu lomweli, ndipo kwa anzathu ku Nkhotakota mpaka lero kuli malo otchedwa Linga. Omanga linga ankazika mitengo yaiwisi mothithikana. Mvula ikagwa, mitengoyo inkamera mizu nkuphuka, ndipo pakapita zaka inkasanduka khoma lamoyo losadyedwa ndi chiswe, lovuta kulitentha. Chaka chilichonse linkalimbirako m'malo mofooka.

Ku Macanga kunkalamulira banja la a Pereira, mbadwa za Gonçalo Caetano Pereira, yemwe anthu ankamutcha Dombo Dombo. Ana ake anakwatirana ndi eni dziko, nayamba kulamulira ngati mafumu a kuno, ndipo linga lawo lalikulu linali ku Muchena. Wotsiriza wawo, Chinsinga, anagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Kumwera kwa Tete, pamene Luenha amathira mu Zambezi, kunali linga la Massangano la Bonga. Musalisokoneze ndi Tsangano wathu. Pakati pa 1867 ndi 1869 asilikali a Chipwitikizi analiukira kangapo, ali ndi mfuti zikuluzikulu, koma anabwerera ali manyazi. Kuno kumapiri nako, Angoni a kwa Maseko atakhazikika ku Domwe, midzi yambiri ya Achewa inadzitchinga kapena kuthawira m'mapiri.

Nkhondo zimenezo zitatha, linga silinafe, linangochepa. Linachoka pa mudzi wonse nkubwera pakhomo la munthu mmodzi. Amene linkamuletsa tsopano sanalinso wa nthungo, koma mbuzi ya mnansi, mphepo ya mwezi wa June, ndi maso a odutsa m'njira. Ife a m'malire timadziwa kuti msewu wochokera ku Ntcheu kupita ku Dedza uli ndi Malawi mbali ina, Mozambique mbali ina, monga anagawanirana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891. Koma yang'anani mipanda ya mbali ziwirizi: nkhadze yomweyo, khonje yemweyo, lunguzi yemweyo wa minga yokola. Malirewo sanasinthe kadzalidwe kathu.

Agogo anga aakazi anali katswiri pa ntchitoyi. Ankadula nthambi za nkhadze chilimwe chikamatha, nkuzisiya masiku angapo kuti utomoni uume, kenako nkuzizika m'ngalande yosaya, motalikirana ngati chikhatho. Zikafika m'chiuno ankazidula nsonga kuti zichite nthambi m'munsi, chifukwa mpanda wosadulira umatalika nkusiya mipata pansi pamene nkhuku ndi nkhumba zimalowera. Ife ana ankatithamangitsa podula, poti utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso ungakuchititse khungu. Pangodya ankazika chitsa cha kachere kapena mlombwa, mitengo imene imaphuka ngakhale waidula ngati mzati. Chakubafa, kumene amayi ankasambira, ankapinda nthambi zanthete nkuzilukanitsa kuti wodutsa asaone kanthu. M'kati mwake munali mapichesi, amene amakonda kuzizira kwa Tsangano, ndi kadimba ka mbatata ya kachewere.

Panadutsanso mipanda ina yosaphuka. Nkhondo yomenyera ufulu itafika m'chigawo cha Tete mu 1968, boma la atsamunda linasonkhanitsa anthu ambiri m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamento, ina yozingidwa ndi waya waminga. Mpanda wa agogo unali wotsekera kunja zosafunika, pamene wa wayawo unali wotsekera eni ake m'kati.

Kenako inabwera nkhondo yapachiweniweni. Ine ndinali kamwana pamene tinawolokera ku Ntcheu, limodzi ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, tinabwerera chaka chotsatira. Nyumba inali itagwa, nkhokwe kulibe, njira yonse itamera tsekera. Tinapezanso banja lina litayamba kulima chakumunsi kwa malo athu. Nkhani itafika kwa anyakwawa, agogo sanalankhule zambiri. Anangotenga akuluakulu nkuyenda nawo motsata mzere wa nkhadze, zomwe zinali zitatalika kuposa denga, mpaka pa kachere wa pangodya. Mlandu unathera pomwepo, ndipo banja lija anakalipatsa malo kwina popanda chidani. Lamulo la malo la 1997 linadzavomereza zomwe midzi inkachita kale: kuti amene akukhala pamalo mwa mwambo ali ndi ufulu, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi ndi wokwanira ngakhale palibe pepala. Koma mboni zimakalamba nkumwalira. Mtengo umatsala.

Sindikunyoza njerwa. Wakuba wa masiku ano saopa nkhadze monga amaopera khoma, ndipo mpanda wamoyo umafuna chikwanje chaka ndi chaka. Komabe uvuni wa njerwa umadya nkhuni zambiri, khoma limang'aluka, ndipo likagwa silidzuka lokha.

Choncho ndinabwerera pa wailesi sabata yotsatira nkupepesa kwa bambo uja. Pempho langa kwa achinyamata ndi lomwe ndinanena tsikulo: ngati mukumanga khoma, mangani m'kati mwa mzere wakale, ndipo mitengo ya pangodya muisiye. Musanagwire nkhwangwa, funsani agogo kuti anaizika ndani, chaka chiti, ndipo ankagawana malire ndi yani. Mayankhowo muwalembe kuseri kwa kabuku kano.