Mmene Anthu Anaphunzirira Kuimitsa Galimoto

Makolo athu anati kuthamanga sikufika. Mau amenewa anawanena asanaone galimoto, koma mbiri ya galimotoyo iwacitira umboni. Pamene tiwerenga za anthu amene anapanga makina oyenda okha pa mseu, kawiri-kawiri timva za injini ndi liwiro lace. Koma panali nchito ina yobvuta koposa, imene inadya zaka zoposa 100 pamodzi ndi miyoyo ya anthu ambiri, ndiyo kuphunzira kuimitsa cinthu cimene anali atacithamangitsa.

Tisanalowe m'mbiri yace, tiyenera kudziwa cimene mabuleki acita. Munthu akapekesa zikhato zace mwamphamvu, zimafunda. Momwemonso mabuleki ali zinthu ziwiri zopekesana, ndipo nchito yao ndiyo kusandutsa liwiro la galimoto kuti likhale kutentha. Tsono pali lamulo limene palibe mmisiri angalisinthe: liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kuwirikiza kanai, ndi mtunda woimira nawonso uwirikiza kanai. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola limodzi ifuna malo oimira anai a galimoto yothamanga makilomita 50. Mbiri yonse ya mabuleki ndiyo nkhondo yolimbana ndi lamulo limeneli.

Caka ca 1886 Karl Benz wa ku Germany analembetsa ku boma galimoto yace ya magudumu atatu. Anthu sanaikhulupirire, ndipo ogula anali kusowa. Tsono m'mwezi wa August 1888 mkazi wace, Bertha Benz, analawira m'mamawa wosauza mwamuna wace, natenga ana ace amuna awiri, nayamba ulendo wocokera ku Mannheim kunka kwa amai ace ku Pforzheim, mtunda wa makilomita 106. Palibe munthu anayendapo ulendo wautali wotere pa galimoto ya mtundu umenewu. Mabuleki ace anali onga a ngolo: zipika za mtengo zimene woyendetsa anali kuzikanikiza pa magudumu pokoka mpini ndi dzanja. Pa zitunda ndi m'matsitso zipikazo zinaperepeseka. Maiyo anaima kwa mmisiri wosoka nsapato, namupempha kuti akhomere zikopa pa zipikazo. Ici ndico ciyambi ca zophimba za mabuleki zimene amakaniko asintha m'magalaja kufikira lero lino.

Ngozi sizinacedwe. Pa 17 August 1896 mai wina dzina lace Bridget Driscoll anagundidwa ndi galimoto pa Crystal Palace mu London, namwalira. Iye ndiye woyenda pansi woyamba kuphedwa ndi galimoto m'dziko la Britain, ndipo galimotoyo inali kuyenda makilomita 6 okha pa ola, liwiro la munthu woyenda ndawala. Caka cotsatira Herbert Frood wa ku Derbyshire, dziko la mapiri, anayamba nchito yopanga zophimba za mabuleki. Iye anali ataona oyendetsa ngolo za akavalo alikumangirira nsapato zakutha pa zipika zao potsika mapiri. Poyamba anaomba thonje nalinyika m'phula. Pambuyo pace anayamba kuikamo asibesitosi, mwala waulusi umene supsa ndi moto. Kampani yace, Ferodo, inakula ndithu. Koma patapita zaka zambiri madokotala anapeza kuti fumbi la asibesitosi liononga mapapo, ndipo maiko ambiri anamletsa.

Caka ca 1902 cinabala nzeru ziwiri. Ku France Louis Renault anakonza mabuleki a dilamu: mphika wacitsulo wozungulira pamodzi ndi gudumu, ndi m'kati mwace tizitsulo tiwiri tokhota, timene amakaniko atichula mashuzi, totambasuka ndi kukanikiza khoma la mphikawo. Ku Birmingham, m'dziko la England, Frederick Lanchester analembetsa mabuleki a disiki: mbale yacitsulo yozungulira ndi gudumu, yopanidwa uku ndi uku monga munthu apana mbale ndi zala. Nzeru ya Lanchester inafika nthawi yace isanakwane. Zopanira zace zinali za mkuwa, zinali kulira mosautsa, ndipo fumbi la m'miseu ya masiku aja linali kuzidya msanga. Dilamu inapambana cifukwa inali yotsekeka, ndipo inalamulira zaka makumi asanu.

Masiku amenewo magalimoto ambiri anali ndi mabuleki pa magudumu a kumbuyo okha, okokedwa ndi ndodo zacitsulo ndi mawaya. Waya wina akatamuka pang'ono, gudumu lina linali kugwira msanga kuposa linzace, ndipo galimoto inali kupatukira kumbali. Wothetsa bvuto limeneli anali Malcolm Loughead wa ku America. Iye anaganizira za khalidwe la madzi ndi mafuta, lakuti safinyika: ukawakankha ku mbali imodzi ya paipi yotsekeka, mphamvuyo ifika yofanana ku mbali zonse. Motero anakonza kuti phazi la woyendetsa likankhe mafuta, ndi mafutawo akankhe mabuleki a magudumu onse anai nthawi imodzi. Galimoto ya Duesenberg ya 1921 ndiyo inayamba kugulitsidwa ndi mabuleki otere, ndipo Chrysler inatsatira mu 1924. Henry Ford anakana zaka zambiri, pokhulupirira citsulo koposa mafuta, ndipo magalimoto ace sanalandire mabuleki a mafuta kufikira 1939.

Mantha a Ford sanali opanda pace, pakuti nzeru yatsopano inadza ndi ngozi yace yatsopano. Paipi imodzi ikabooka, mafuta onse anali kutayika, ndipo woyendetsa anali kuponda pacabe. Cifukwa ca ici amisiri anagawa njira za mafuta pawiri, kuti ina ikafa inzace itsale, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma la America linalamula kuti magalimoto onse atsopano akhale otero.

Panatsala mdani wamkulu, ndiye kutentha. Dilamu isunga moto m'kati monga mphika wobvundikira. Ikatentha kwambiri ifutukuka, zophimba zileka kugwira, ndipo mabuleki afooka. Yankho linacokera ku mpikisano wa magalimoto wa maola 24 wa ku Le Mans, m'dziko la France. Caka ca 1953 magalimoto a Jaguar anadza ndi mabuleki a disiki opangidwa pamodzi ndi kampani ya Dunlop. Popeza mbaleyo iri poyera, mphepo inali kuiziziritsa, ndipo oyendetsa anali kukhoza kucedwa kuponda mabuleki pofika pa ngodya, usana ndi usiku wonse. Anatenga malo oyamba, aciwiri ndi acinai. Mu 1955 Citroën DS inabweretsa disiki kwa ogula wamba. Nzeru ya Lanchester inadikira zaka zoposa 50.

Komabe ngakhale disiki iri ndi malire ace. Amene ayenda pa mseu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata adziwa matsitso ndi makhwawa a Manenekela. Woyendetsa wotsika phiri lalitali ali cipondere mabuleki alikusonkhezera moto umene udzamlanda mabulekiwo asanafike pansi. Wanzeru alowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini igwire galimoto ndi mabuleki apume.

Mabuleki atakhala amphamvu, panaoneka cinthu cimene kale cinali cobisika. Mabuleki aimitsa gudumu, koma coimitsa galimoto ndi tayala. Malo amene tayala lirilonse likhudza mseu ali ngati cikhato ca munthu, ndipo moyo wa onse okwera utsamira pa zikhato zinai zimenezi. Munthu akadzidzimuka naponda mwamphamvu, magudumu auma gwa, matayala ayamba kutsetsereka, ndipo tayala lotsetsereka silimva ciongolero. Woyendetsa angapotoze motani, galimoto ingolunjika kumene inali kunka.

Ena mwa oyamba kufuna mankhwala a bvuto limeneli anali opanga ndege, pakuti ndege yotera pa bwalo lonyowa inali kuphulitsa matayala magudumu akauma. M'zaka za m'ma 1950 Dunlop inapanga cipangizo cochedwa Maxaret, comasula buleki gudumu likafuna kuuma. Mu 1966 anaciika pa galimoto ya Jensen FF ya ku England, koma inali ya mtengo wapatali ndipo anapanga ocepa. Kusintha kweni-kweni kunafika mu 1978, pamene Bosch ndi Mercedes-Benz anaturutsa ABS yolamulidwa ndi kompyuta. Pa gudumu pali kacipangizo kowerenga liwiro lace. Kompyuta ikaona kuti gudumu lina lifuna kuuma, icepetsa mphamvu ya mafuta pa gudumulo, nibwezanso, kambiri-mbiri pa sekondi imodzi, mofulumira kuposa phazi la munthu aliyense. Gudumu lipitiriza kuzungulira, ndipo woyendetsa akhoza kuponda ndi kupewa nthawi imodzi.

Apa pali zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa. Coyamba, ABS ikayamba nchito copondera cinjenjemera pansi pa phazi ndipo pamveka phokoso. Ena aopa nacotsa phazi, poyesa kuti kanthu kathyoka. Koma pamenepo mpamene ayenera kuponda kolimba osaleka. Caciwiri, pa mseu wa miyala kapena mcenga, monga miseu yathu yambiri ya kumidzi, galimoto ya ABS ikhoza kutenga mtunda wautali kuti iime, pakuti gudumu louma likumba ndi kuunjika dothi patsogolo pace, pamene gudumu lozungulira silitero. Mphatso ya ABS ndiyo kukhoza kuongolera. Siilonjeza kuima pafupi pa mseu uliwonse.

Amisiri ataona kuti kompyuta idziwa liwiro la gudumu lirilonse, anaipatsa nchito zina. Ca m'ma 1987 Mercedes-Benz, BMW ndi Toyota anayamba kugulitsa magalimoto oletsa gudumu kuzungulira pacabe ponyamuka pa malo oterera: kompyuta igwira gudumu lotererekalo, kapena icepetsa mphamvu ya injini. Ndico cifukwa cace magalimoto ambiri ali ndi batani lozimitsira nzeru imeneyi, pakuti wotitimira m'matope nthawi zina afuna magudumu azungulire kuti aturuke. Mu 1995 Bosch ndi Mercedes-Benz anaonjeza cina, cochedwa ESP kapena ESC. Ici ciyerekeza kumene woyendetsa alozetsa ciongolero ndi kumene galimoto irikunkadi. Zikasiyana, cigwira buleki ya gudumu limodzi lokha, monga wopalasa bwato amiza nkhafi mbali imodzi kuti bwato liongoke.

Poyamba cinali ca magalimoto a anthu olemera okha, ndipo cinafika kwa anthu wamba cifukwa ca manyazi a kampani. M'mwezi wa October 1997 olemba magazini ya ku Sweden, Teknikens Värld, anali kuyesa galimoto yaing'ono yatsopano ya Mercedes-Benz, A-Class. Mayeso ace anali onga kupewa nyama yaikulu yodumphira mu mseu: kukhotera mbali ina mwadzidzidzi ndi kubwerera. Galimotoyo inagubuduka. Mbiri inawanda pa dziko lonse. Kampani inaleka kuigulitsa miyezi ingapo, niikonzanso, niika ESP pa iriyonse. Makampani ena anakakamizika kutsatira. Boma la America linalamula nzeru imeneyi pa magalimoto atsopano kuyambira a caka ca 2012, ndi maiko a European Union kuyambira November 2014.

Tsono magalimoto ambiri a m'miseu yathu anagwira kale nchito ku Japan asanafike kuno, ndipo adza ndi zambiri mwa nzeru zimenezi m'kati mwace. Koma cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto yonyezimira kunja ikhoza kukhala ndi mabuleki akufa, pakuti palibe cimodzi mwa zimene tachulazi cidzisamala cokha.

Mapadi aperepeseka lero monga zinacitira zipika za Bertha Benz. Ambiri ali ndi kacitsulo kolira akatsala pang'ono kutha. Womva kulirako apite kwa makaniko citsulo cisanayambe kudya disiki. Poyeretsa mabuleki asauzire fumbi lace ndi kulipuma, pakuti sitidziwa cimene ciri m'mapadi onse ogulitsidwa m'misika. Mafuta a mabuleki amwa cinyezi ca mumpweya pang'ono-pang'ono. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230, koma atamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 155. Ndipo akawira pa matsitso asanduka nthunzi, imene ifinyika, copondera nicimira pansi. Ndico cifukwa opanga magalimoto ambiri alangiza kuwasintha patapita zaka ziwiri. Copondera cofewa ngati cinkhupule cinena kuti mwalowa mpweya kapena pali podontha. Mizere ya tayala ndiyo ngalande zocotsera madzi a mvula; m'maiko ambiri lamulo likana tayala la mizere yosafika mamilimita 1.6, ndipo tayala losalala lipusitsa ABS ndi ESP pamodzi. Pomariza pali tinyali ta patsogolo pa woyendetsa. Ka ABS kayenera kuyaka poliza galimoto ndi kuzima posacedwa. Kakakhala ciyakire, mabuleki wamba alipo koma ABS yagona. Kakapanda kuyaka konse, wogula galimoto acenjere, pakuti alipo ogulitsa ena amene acotsa kanyaliko kuti abise cirema. Koma kofiira ka mabuleki kakayaka pa ulendo, handibuleki iri yomasula, ndi bwino kuima pomwepo.

Pa zaka zonsezi amisiri a maiko ambiri anacotsa ngozi imodzi-imodzi: kupatuka kwa galimoto, kutayika kwa mafuta, kutentha, kuuma kwa magudumu ndi kutsetsereka. Nchito imene sanathe kuicotsa m'manja mwa mwini galimoto ndiyo ija anaicita mai wa ku Mannheim mu 1888, pamene anamva kuti zipika zaleka kugwira, naima, nafuna mmisiri ulendo usanathe. Woyendetsa basi, lole kapena galimoto yaing'ono amene acita comweco ndiye afikitsa anthu kwao.