Mbiri ya ntchito yopha tizilombo m'boma la Ntcheu

Kale ku Ntcheu kunalibe munthu wodyera ntchito yopha tizilombo, chifukwa khomo lililonse linkadziwa chochita. Nkhokwe ankaimanga pamwamba kuti chinyontho ndi chiswe zisafike, ndipo chimanga cha makolo chinkalowamo ndi makoko ake. Maso ake anali olimba, anankafumbwe ankavutika kuwaboola. Chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa moto mpaka chide ndi mwaye. Nyemba ndi khobwe ankazisakaniza ndi phulusa losefa, n'kuzithira mumtsuko, n'kumata kukamwa ndi dothi. Ena ankasinja masamba a ombwe. Khoswe ankathana naye ndi mphaka kapena diwa, nsikidzi ndi madzi owira komanso dzuwa la mu Okutobala. Njirazi sizinkamaliza tizilombo tonse ayi, koma zinkayenerana ndi mbewu za nthawiyo.

Mankhwala a m'botolo ndi m'paketi anabwera pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1939 Paul Müller wa ku Switzerland anatulukira kuti DDT imapha tizilombo, ndipo patapita zaka mankhwala a mtundu umenewu anafika kuno kudzera m'minda ya fodya ndi thonje. Alimi a thonje, monga a m'chigwa cha Bwanje, ndiwo anayamba msanga kubereka pampu kumsana. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, mlimi ankagula mbewu, feteleza ndi mankhwala pamsika umodzi, mlangizi n'kumuuza muyeso. Amene tingawatche akatswiri oyamba a ntchitoyi anali ogwira ntchito m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo mbewu, ofukiza milu ya matumba. Kumudzi ankangowamvera mbiri.

Zinthu ziwiri zinagwetsa nkhokwe. Choyamba chinali chimanga cha haibulidi choyambirira, chobereka kwambiri koma chofewa, ndipo makoko ake osafika kunsonga. Akatswiri a ku Chitedze anayesa kukonza vutoli potulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zolimbirapo zokonoleka bwino mumtondo. Koma chachiwiri chinali kale m'njira. Nankafumbwe wamkulu, wochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, analowa ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pofika 1991 anali atapezeka kumpoto kwa Malawi. Ameneyu saona makoko ngati chotchinga. Amaboola chitsononkho, chinangwa chouma, ngakhale mitengo ya nkhokwe imene, n'kubisalamo kudikira zokolola za chaka chamawa. Alangizi anayamba kuuza anthu kuti atonole chimanga, athire Actellic Super, asunge m'matumba. Njala ya 2002 inamaliza nkhaniyo, chifukwa chimanga chosiyidwa panja chinkagona ndi akuba. Matumba analowa kuchipinda.

Apa m'pamene ndimaona kuti mbiriyi inakhota moopsa. Chimanga chitalowa m'nyumba, poizoni anatsatira, ndipo anafikira m'chipinda chomwecho chogona ana.

Nthawi yomweyo malonda anali atamasulidwa, aliyense akugulitsa chimene wapeza. Ntcheu ili ndi vuto lakelake, popeza msewu wa M1 umayenda m'malire enieni ndi Mozambique, moti pa Lizulu ukangodumpha msewu wapita kunja. Mankhwala amalowa ndi kutuluka mosavuta, ena olembedwa m'Chipwitikizi, ena othiridwa m'timabotolo topanda dzina, oyanikidwa padzuwa pafupi ndi tomato. Tameki, mankhwala opangidwira m'munda, anasanduka a makoswe, ndipo dzina lake lakhala likumveka m'nkhani zamaliro. Mu 2000 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsa mankhwala ophera tizilombo, lomwe linabala bungwe la Pesticides Control Board, la likulu lake ku Bvumbwe. Lamuloli limafuna kuti mankhwala alembetsedwe, wogulitsa akhale ndi chiphaso, ndipo wopopera kapena wofukiza molipiritsa akhalenso nacho. Lamulo ndi labwino, koma Bvumbwe ndi kutali ndi madera a Ntcheu monga Tsangano.

Palibe pamene kusiyana kwa katswiri ndi wongoyerekeza kumaonekera bwino kuposa pa mapilitsi ofukizira, amene ambiri amawatcha Phostoxin. Pilitsi la magalamu 3 likakumana ndi chinyontho cha mumpweya limatulutsa galamu imodzi ya mpweya wakupha. Wodziwa ntchito amasanja matumba pa mitengo, kutali ndi khoma. Amayang'ana lona wake padzuwa kufuna tizibowo, n'kumata paliponse podutsa kuwala. Mapilitsi amawaika pa mbale, osati mkati mwa chimanga, kenaka amatsindira m'mphepete monse mwa lona ndi timatumba ta mchenga. Amakhoma chitseko, kupachika chenjezo, n'kudikira sabata yathunthu kuti ndi mazira omwe afe. Wongoyerekeza amakulunga pilitsi m'kansanza, kuliponya m'thumba wamba lomwe lili kumiyendo kwa bedi. Mpweya umathawira m'chipinda, anankafumbwe olimba amapulumuka n'kuswana, banja n'kudzuka ndi mutu ndi masanzi, mwinanso osadzuka.

Zaka zaposachedwa zabweretsa njira zosalira mankhwala. Nkhokwe zamalata zinalimbikitsidwa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, koma mtengo unabweza ambiri. Matumba a PICS, amene akatswiri a ku Purdue University anayambitsa posunga khobwe ku Cameroon, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lachitatu kunja. Ukamanga bwino, tizilombo timafa tokha posowa mpweya. Chofunika n'chakuti chimanga chiume. Thirani mchere wouma ndi maso pang'ono m'botolo louma, mugwedeze, mudikire kanthawi. Mchere ukamata m'mbali, bwererani nacho padzuwa.

Kumunda nako sikunapume. Chakumapeto kwa 2016 kunabuka mbozi zochokera ku America zobisala mumtima mwa chimanga, ndipo mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 agwa m'ngozi. Alimi anabwerera ku phulusa, mchenga, sopo ndi msuzi wa nsomba woitana nyerere. M'madimba a tomato munalowa kambozi ka Tuta absoluta, ndipo ena, poona kuti mankhwala sakugwira, anangowonjezera muyeso n'kumapopera mpaka tsiku lothyola. Umu ndi mmene tizilombo timazolowerera mankhwala, ndipo wodya amamwa nawo.

Lero ntchito yolipidwa ilipo ndithu: mavenda osunga chimanga pa Ntcheu Boma ndi Kampepuza, zigayo, nyumba zogona alendo, sukulu zogonera pomwepo zimene zimafuna kuchotsa nsikidzi patchuthi, ndi omanga nyumba oopa chiswe. Wachinyamata wofuna kulowamo ayambe ndi maphunziro ndi chiphaso, pampu ibwere pambuyo. Agule kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kusunga lisiti. Asatchule mtengo asanaone malo, pakuti nthawi zina chofunika ndi kusesa, kumata ming'alu ndi kutentha matumba akale. Pa nsikidzi, mtengo uphatikizepo ulendo wachiwiri pakatha masabata awiri, chifukwa mazira amakhala ataswa. Azisinthasintha mitundu ya mankhwala, alembe m'kope chimene wathira ndi tsiku lake, avale ovolosi, jombo, magolovesi ndi chophimba kumphuno ngakhale kutenthe bwanji. Botolo lotha alitsuke katatu, aliboole, lisakakhale la mafuta ophikira.

Ndipo inu eni nyumba ndi eni matumba, munthu akabwera ndi pampu pakhomo, mufunseni chiphaso ndipo akuonetseni botolo lenileni lomwe lili ndi malangizo ake. Akakana, kapena akanena kuti mapilitsi angaikidwe m'nyumba yogona anthu, musamulole kulowa.