Mbuzi ikadwala: zizindikiro zomwe mlimi watsopano afunika kudziwa

Anthu ambiri omwe ayamba kumene kuweta mbuzi m'dziko la Zambia amazindikira kuti ciweto cawo cadwala pamene cagwa kale pansi, ndipo nthawi imeneyo mankhwala kawirikawiri sathandizanso. Mbuzi ndi nyama yopirira. Imapitiriza kutsatira zinzake kubusa ngakhale thupi litafooka. Cifukwa ca ici, mlimi afunika kuimirira pakhomo pa khola m'mawa uliwonse ndi kupenyetsetsa mbuzi iliyonse pamene ikutuluka.

Mbuzi yabwinobwino imatuluka mothamanga, mcira uli m'mwamba, ubweya uli wosalala, ndipo imayamba kudya nthawi yomweyo. Ikagona pansi imabzikula. Ndowe zake zimakhala timibulu touma. Mbuzi yomwe yatsalira m'khola, yazolika mutu, yagwetsa mcira, yaleka kubzikula, kapena ikukukuta mano, ili ndi vuto. Kukukuta mano ndi cizindikiro cakuti ikumva kupweteka.

Coyamba kucita ndi kuipatula kwa zinzake, kuiika pamthunzi pouma, ndi kuipatsa madzi abwino ndi masamba omwe imakonda. Kenaka mlimi apime kutentha kwa thupi lake. Kopimira kake, thermometer, kamapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala ndipo kamalowetsedwa potulukira ndowe. Kutentha koyenera kwa mbuzi ndi madigiri 38.5 kufika pa 40. Kukapitirira pamenepo, pamene mbuzi sinali padzuwa kapena kuthamangitsidwa, ndiye kuti m'thupi mwalowa tizilombo. Kukatsika pansi pa 38, mbuzi yafooka kwambiri ndipo ifunika kufundidwa. Nambala imeneyi ndiyo imathandiza wa vetenale kudziwa poyambira, ngakhale akulankhula ndi mlimi pa lamya.

Njoka za m'mimba ndizo zimapha mbuzi zambiri, makamaka m'nyengo ya dzinja ndi miyezi yotsatira. Yoopsa kwambiri ndi yamtundu wa Haemonchus contortus, yomwe imakhala m'cifu ndi kuyamwa magazi. Yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande angapo pa tsiku. Mazirawa amatuluka ndi ndowe, amaswa pa msipu wonyowa, ndipo mbuzi zimameza tianato podya udzu. Cosokoneza alimi atsopano ndi cakuti njoka zimenezi kawirikawiri sizitsekula m'mimba. Mbuzi imangoonda, imatopa msanga, ndipo nthawi zina pansi pa cibwano pamatupa ngati pali madzi.

Njira yapafupi yodziwira ndi kutsitsa cikope ca m'munsi ndi cala ndi kuona mtundu wa mkati mwake. Mukakhala mofiira, magazi ali bwino. Mukatuwa kapena kuyera, magazi acepa ndipo mbuziyo ifunika mankhwala a njoka tsiku lomwelo. Njira imeneyi inakonzedwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 ndipo imachedwa FAMACHA, kucokera pa dzina la dotolo wa ziweto Francois Malan. Khadi lake lili ndi magawo asanu, kuyambira 1, lofiira, kufika 5, loyera. Ubwino wake ndi wakuti mlimi amamwetsa mankhwala mbuzi zokhazo zomwe zifunikadi. Kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi, kapena kucepetsa muyeso pofuna kuti botolo likhalitse, kumacititsa njoka kuzolowera mankhwala mpaka kuleka kufa. Muyeso wa nkhosa wolembedwa pa botolo nthawi zambiri umacepa kwa mbuzi, ndipo mankhwala a albendazole si abwino kwa mbuzi yomwe yangotenga kumene bere. Pa zifukwa ziwirizi ndi bwino kufunsa wa vetenale usanamwetse. Pomwetsa, mutu wa mbuzi usakwezedwe m'mwamba, cifukwa mankhwala akalowera ku mapapo amayambitsa cibayo.

Matenda ena opha msanga ndi heartwater, omwe amafalitsidwa ndi nkhupakupa zazikulu zamawangamawanga zamtundu wa Amblyomma. Nkhupakupazi zimakonda kubisala pakati pa ziboda, kumawere ndi pansi pa mcira. Mbuzi imatentha thupi kupitirira madigiri 40, imapuma movutika, imayenda mokweza miyendo kapena kuzungulira malo amodzi, ndipo pothera pake imagwa camthiti ndi kumapalasa miyendo. Jekeseni wa oxytetracycline amaciza ngati wabayidwa pamene thupi langoyamba kutentha. Mbuzi ikafika popalasa miyendo, mwai wocira umakhala wocepa. Mbuzi zamakono monga za Boer, zomwe ambiri amagula pamtengo wokwera kuti akweze mtundu, zimagwa msanga ndi matendawa kuposa mbuzi zakuno, makamaka zikacokera ku dera lopanda nkhupakupa zotere.

Mbuzi zowetedwa pafupi ndi nyumba zili ndi vuto linanso, la cakudya. Mbuzi ikalowa m'nkhokwe ndi kukhuta cimanga kapena gaga, kapenanso ikadya msipu wanthete wonyowa wambiri mvula itangoyamba, mimba imafufuma kumbali ya kumanzere ndipo ukagogoda imalira ngati ng'oma. Iimiritsidwe miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera, isisitidwe kumanzereko, ndipo imwetsedwe pang'onopang'ono mafuta ophikira okwana theka la kapu. Ikayamba kulephera kupuma, afunika munthu wodziwa nchito mwamsanga. Masamba aawisi a cinangwa cowawa ndi mapira ophukira kumene ali ndi poizoni wopha m'kanthawi kocepa. M'makomboni ndi m'mapuloti a m'mbali mwa tauni, mapepala a pulasitiki nawonso amaunjikana m'mimba mwa mbuzi, ndipo imaonda pang'onopang'ono ngakhale ikudya.

Ana a mbuzi akatsekula m'mimba amatha madzi m'thupi msanga. Cikopa cikatsinidwa cimacedwa kubwerera ndipo maso amalowa mkati. Madzi owiritsa lita imodzi, osakaniza ndi masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere, amathandiza kusunga moyo poyembekezera mankhwala. Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi khola lamatope. Khola lam'mwamba, lomwe ndowe zimagwera pansi, limacepetsa kutsekula m'mimba, cibayo ndi kuwola kwa ziboda.

Nkhanambo zokhuthala kukamwa ndi kumphuno ndi matenda ochedwa orf. Amatha okha pakapita milungu 3 kapena 4, koma mwana wa mbuzi angafe ndi njala cifukwa colephera kuyamwa. Amapatsiranso anthu, motero zilondazo zisagwiridwe ndi manja opanda cophimba. Mphere zimaonekera pa kudzikanda ndi kuthothoka kwa ubweya, ndipo zimacizika ndi mankhwala monga ivermectin. Mbuzi ikataya bere, mwana wakufayo ndi zonse zotuluka zikwiriridwe mozama popanda kuzigwira ndi manja, pakuti matenda monga brucellosis amalowa mwa anthu mwa njira imeneyi ndiponso kudzera mu mkaka wosawiritsa.

Pali cizolowezi cimodzi comwe caika miyoyo ya anthu pa ngozi, ca kusenda ndi kugawana nyama ya ciweto cofa cokha. Mbuzi yomwe yafa mwadzidzidzi, yafufuma msanga, ndipo ikutuluka magazi akuda osaundana kumphuno, kukamwa kapena kumbuyo, ingakhale yafa ndi anthrax. Mtembo wotere usang'ambidwe, cifukwa tizilombo take tikakhudzana ndi mpweya timasanduka njere zokhala m'nthaka zaka zambiri. M'caka ca 2023 matendawa anabuka ku Sinazongwe m'cigawo ca kum'mwera ndi kufalikira m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lino. Bungwe la World Health Organization linalengeza kuti pofika pa 20 November caka cimeneco, anthu 684 anali kuganiziridwa kuti adwala ndipo 4 anali atamwalira. M'caka ca 2011, anthu mazana angapo m'boma la Chama anadwala matenda omwewa atadya nyama ya mvuu zofa zokha mu mtsinje wa Luangwa.

Matenda ambiri amalowa m'khola ndi mbuzi yogulidwa kumene. Pa misika ikuluikulu monga wa Chibolya mu Lusaka, mbuzi zocokera m'madera osiyanasiyana zimapanikizana malo amodzi. Mbuzi yatsopano isungidwe payokha kwa milungu 3 kapena 4, icotsedwe nkhupakupa ndi njoka, isanasakanizidwe ndi zinzake. Mbuzi yomwe yalandira mankhwala isaphedwe kapena kukamidwa mpaka masiku olembedwa pa botolo atakwana.

Lamulo la Animal Health Act la caka ca 2010 limafuna kuti mwini ziweto adziwitse akuluakulu a vetenale akaganizira kuti ziweto zake zagwidwa ndi matenda oopsa opatsirana, ndipo kusamutsa ziweto kupita ku boma lina kumafuna cilolezo. Mbuzi zingapo zikadwala nthawi imodzi, zikaturuka matuza m'kamwa ndi m'ziboda, kapena imodzi ikafa mosadziwika bwino, mlimi akanene kwa wothandizira wa vetenale wa m'dera lake kapena ku ofesi ya vetenale ya pa boma. Iwo ndiwo amatenga magazi ndi zina zofunika kupima, ndipo zikafuna kufufuza kwambiri amazitumiza ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, pafupi ndi Lusaka.