Liwu lakuti Grecian: tanthauzo lake ndi kumene limagwira ntchito

Liwu lakuti Grecian ndi la Chingerezi chakale ndipo limatanthauza munthu kapena chinthu chochokera m'dziko la Greece. Masiku ano eni chiyankhulochi saligwiritsanso ntchito ponena za anthu amoyo a m'dzikolo, omwe m'Chichewa amatchedwa Agiriki. Liwu lovomerezeka ndi lakuti Greek, ndipo ndi limene liyenera kulembedwa m'makalata a boma, m'malipoti komanso m'zoyankhula za akuluakulu pa misonkhano.

Kusokoneza mawu awiriwa kwachititsapo manyazi ngakhale atsogoleri otchuka. M'chaka cha 1999, George W. Bush, yemwe panthawiyo anali bwanamkubwa wa Texas ndipo ankafuna mpando wa pulezidenti wa dziko la America, anatcha anthu a ku Greece kuti Grecians. Nyuzipepala zinamuseka kwa nthawi yaitali ndipo omutsutsa ankati izi zikuonetsa kuti sadziwa bwino za maiko akunja.

Mawu onse awiri gwero lake ndi Chilatini. Aroma ankatcha anthuwa kuti Graeci ndipo dziko lawo ankaliti Graecia. Eni akewo sadzitcha choncho. Dzina lawo ndi limene Chingerezi chimalemba kuti Hellenes, ndipo n'chifukwa chake dzina la boma la dzikoli pa zikalata za ukazembe ndi Hellenic Republic.

Ambiri amene anakumanapo ndi liwu lakuti Grecian analipeza m'Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe linasindikizidwa m'chaka cha 1611. Apa m'pofunika kusamala chifukwa m'buku la Machitidwe a Atumwi liwuli silitanthauza Agiriki enieni. Omasulira anasankha kulemba Greeks ponena za Agiriki kapena anthu a mitundu ina, pamene Grecians anasungira Ayuda amene anakulira kunja kwa dziko la makolo awo ndipo ankayankhula Chigiriki.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino pa Machitidwe 6:1, pomwe pali nkhani ya madandaulo amene anabuka mumpingo wa ku Yerusalemu. Ayuda oyankhula Chigirikiwa anadandaula kuti amayi awo amasiye ankasalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Pofuna kuthetsa mkanganowo, mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri, kuphatikizapo Stefano ndi Filipo, kuti ayang'anire ntchito yogawayo, ndipo onsewo anali ndi maina a Chigiriki. Wowerenga amene angaganize kuti odandaulawo anali alendo ochokera ku Greece aphonya mutu wa nkhani, chifukwa tsankholi linali pakati pa anthu a mtundu umodzi osiyana chiyankhulo chokha. Ayuda enanso oyankhula Chigiriki ndi amene anatsutsana ndi Saulo mpaka kufuna kumupha pa Machitidwe 9:29.

Komabe omasulirawo sanatsate lamulo lawoli paliponse. Pa Yoweli 3:6 analemba Grecians ponena za Agiriki enieni, omwe ankagula ana a Yuda ngati akapolo.

Buku Lopatulika, Baibulo la Chinyanja la m'chaka cha 1922, linapewa chisokonezochi posiyanitsa Ahelene ndi Aheleniste. Mabaibulo atsopano a Chingerezi nawonso analisiya liwu lakaleli. Mwachitsanzo, New International Version inkalemba kuti Grecian Jews, koma poikonzanso m'chaka cha 2011 anasintha n'kulemba Hellenistic Jews.

Kumene liwuli lidakali ndi moyo ndi pa nkhani za luso ndi zomangamanga za Agiriki akale. Zoumba, zipilala, mikanjo yotaya ya amayi ngakhalenso mphuno yowongoka yofanana ndi ya ziboliboli zakale, zonsezi zikhoza kutchedwa Grecian popanda wina kudabwa. Ndakatulo ya John Keats yotchedwa Ode on a Grecian Urn, yomwe inalembedwa m'chaka cha 1819 ndi kusindikizidwa mu 1820, yathandiza kwambiri kuti liwuli lisaiwalike m'sukulu.

Chodabwitsa n'chakuti liwuli linafika mpaka ku zachipatala. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1860 kunatchuka kayendedwe ka amayi a ku Ulaya ndi ku America koweramira kutsogolo, komwe ankakatcha Grecian bend. M'zaka za m'ma 1870, anthu ogwira ntchito pansi pa madzi pomanga milatho ya Eads ku St Louis ndi Brooklyn ku New York ankatuluka atapindika ndi ululu chifukwa chochoka mofulumira m'zipinda za mpweya wopanikizika. Anzawo anawayerekeza ndi amayi aja, ndipo mpaka lero matendawa, omwe amagwiranso anthu osambira mozama m'nyanja, amatchedwa the bends.

Kale liwu lakuti Grecian linkatanthauzanso katswiri wa chiyankhulo cha Chigiriki, posatengera mtundu wake. Tanthauzo limeneli latsalira pa sukulu ya Christ's Hospital ku England, yomwe inakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1552 ndipo inasamukira ku Horsham mu 1902. Ophunzira a m'makalasi omaliza pa sukuluyi amatchedwa Grecians chifukwa kale anzeru kwambiri okonzekera kupita ku yunivesite ankaphunzira Chigiriki. Mlakatuli Samuel Taylor Coleridge anali mmodzi mwa iwo, pamene mnzake Charles Lamb anathera pa udindo wotsikirapo wa Deputy Grecian.

Okonda mpira wamiyendo amalidziwa liwuli kudzera ku timu ya Exeter City ya kumwera chakumadzulo kwa England, yomwe dzina lake lachibwana ndi The Grecians. Dzinali linachokera kwa anthu a m'dera la St Sidwell, lomwe lili kunja kwa linga lakale la mzinda wa Exeter, amene akhala akutchedwa choncho kuyambira kale timuyi isanayambe. Ena amati analandira dzinali chifukwa, monga Agiriki amene anazinga mzinda wa Troy, iwonso ankakhala kunja kwa linga.