Mavolontiya ndi ntchito yolandira othawa kwawo

Mavolontiya ndi anthu amene amadzipereka kugwira ntchito yothandiza anzawo popanda malipiro. Pa nkhani ya othawa kwawo, iwowa ndi amene amayamba kufika pamalo mabungwe akuluakulu asanatulukire. Amatunga madzi, kuphika phala, kulemba maina, kumasulira zilankhulo ndi kufunafuna achibale a ana amene asochera.

M'dziko muno ntchitoyi inakula pa nthawi ya nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu a ku Mozambique anayamba kulowa mwaunyinji, mpaka chiwerengero chawo chinapitirira 1 miliyoni. Misasa inalipo, monga wa Mankhokwe ku Nsanje, koma ambiri anangolandiridwa m'midzi. Mafumu anawagawira malo, eni mudzi n'kuwabwereka makasu ndi miphika. Bungwe la Malawi Red Cross Society linkagawa chakudya kudzera mwa mavolontiya ake. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, alendowo anayamba kubwerera kwawo. Mu 2016 anthu ena othawa ziwawa ku Tete anasonkhana pamudzi wa Kapise ku Mwanza, ndipo boma ndi UNHCR anawasamutsira ku Luwani m'boma la Neno.

Chileka ndi Lirangwe kulibe msasa, koma nkhaniyi si yachilendo kumeneko. Msewu wochokera kuchipata cha Mwanza umadzera pa Zalewa, Mdeka, Lirangwe ndi Lunzu usanafike mu Blantyre, ndipo mabasi a ku Johannesburg amayenda momwemo. Mu April 2015, anthu atayamba kuukira alendo ku Durban, boma linatumiza mabasi kukatenga a Malawi n'kuwatsitsira pa Kamuzu Stadium. Ambiri mwa iwo anali a ku Mangochi ndi Machinga, ana athu enieni, ena atangotsala ndi zovala za m'thupi. Banja la kunyanja likamva za othawa kwawo lisamaganize za anthu a ku Congo ndi Burundi okha. Mnyamata amene munamutsanzika popita ku Joni angafunenso mlendo woti amupatse madzi.

Chisilamu chinayamba ndi anthu osamuka. Cha m'ma 615 maswahaba ena anathawira ku Habasha, kumene mfumu Najashi, Mkhristu, inawateteza. Mu 622 Mtumiki Muhammad (SAW) anasamukira ku Madina, ndipo analumikiza ubale pakati pa Muhajirun, osamukawo, ndi Answar, eni mudzi amene anawagawira nyumba ndi zokolola. Mu Surat Tawba, ndime 60, wapaulendo amene zamuthera ali m'gulu la anthu oyenera kulandira zakaat. Sadaka yodzifunira ingaperekedwe kwa wovutika aliyense, kaya ndi Msilamu kaya ayi.

Komiti ya pamzikiti imene ikufuna kuthandiza iyenera kugawana ntchito msanga. Pakhale wosunga kaundula wa zopereka ndi wina wolankhulana ndi amfumu komanso ofesi ya DC. Amayi ndi atsikana azilandiridwa ndi amayi anzawo. Chimene chimagwetsa magulu ambiri si kuchepa kwa ufa, koma kukondera pogawa, ndiponso chizolowezi chojambula munthu wosauka atanyamula thumba n'kumuika pa Facebook asanavomere. Ana anga a kumadrasa ndimawauza kuti chithunzi choterocho chimam'landa munthu ulemu umene thumbalo silingabweze.

Pali malire amene volontiya ayenera kuwadziwa. Lamulo la othawa kwawo la 1989 limapereka ku boma mphamvu yovomereza kuti munthu ndi wothawa kwawo, ndipo ndondomeko ya boma ndi yoti anthuwa azikhala kumsasa. Mu May 2023 apolisi anagwira ambiri amene ankakhala m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka m'boma la Dowa. Msasawu unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, kuchulukitsa kangapo chiwerengero chimene unakonzedwera. Choncho mlendo wopempha chitetezo mum'dyetse, mum'goneke, kenako mum'perekeze kupolisi kapena ku ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko kuti akalembetse. Kumubisa m'nyumba kapena kumufunira chiphaso cha unzika mwachinyengo ndi mlandu kwa iye ndi kwa inu.