Funsani Tikuyankheni: Mayina a mafumu amachokera kuti?

Funso: Ndikulemba sewero la ana asukulu lonena za ufumu wongopeka wa makedzana, koma dzina la mfumu yake landisowa. Kodi makolo athu ankawapeza bwanji mayina ngati Kalembo, Msamala ndi Kawinga? — Mphunzitsi, Ulongwe, Balaka

Yankho: Aphunzitsi, mayina ambiri amene lero timawamva ngati maudindo anayamba ali dzina la munthu mmodzi amene anatsogolera mbumba yake pa ulendo, napeza malo, namanga mudzi. Ayao Amachinga, omwe ndi eni maufumu ambiri a ku Machinga ndi Balaka, analowa m'dziko muno chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique, atathawa nkhondo ndi njala. Gulu lililonse linali ndi mtsogoleri wake. Iye atamwalira, thupi linkapita kumanda koma dzina linkatsala pabwalo, kudikira woti alilowe.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Mataka wa ku Mwembe. Woyamba, amene David Livingstone anamuchezera mu 1866, anali Che Nyambi. Amene anabwera pambuyo pake, monga Che Nyenje ndi Che Bonomali, anali ndi mayina awoawo, komabe atakhala pampando onse ankatchedwa Mataka.

Mayina ena anabadwa ndi ntchito imene munthu anagwira. Ku Rumphi amakumbukira Mlowoka chifukwa anawoloka nyanja kuchokera kum'mawa, ndipo ufumu wa Chikulamayembe umakumbutsa makasu amene iye ndi amalonda anzake ankagawira anthu a ku Nkhamanga. Kalonga wa Amaravi ndiye ankalonga mafumu ena, ndipo Gawa ndi wogawa malo. Ena anadza ndi malonda a kugombe la nyanja yamchere: Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840 anatchedwa Jumbe, udindo wa Chiswahili, monganso Bibi amene timamumva pa dzina la Bibi Kuluunda ku Salima. Mapiri nawo anatcha anthu mayina. M'buku lake la 1919 lotchedwa Chiikala cha Wayao, wansembe Yohanna Abdallah anafotokoza kuti magulu a Ayao monga Amachinga, Amangoche ndi Amasaninga anatenga mayina kumapiri ndi malo kumene anakhala atachoka kuphiri la Yao.

Choncho musanafune dzina, yambani mwadziwa kuti mfumu yanuyo inachokera kuti, inawoloka mtsinje uti, ndipo anthu amaikumbukira ndi chiyani. Dzina lidzatuluka m'menemo.

Funso: Agogo anga ndi nkhalamba ndithu, koma mfumu ya mudzi woyandikana nafe, yomwe ndi mnyamata wamng'ono, amaitchula kuti amalume. Zimatheka bwanji? — Wowerenga, Ntaja, Machinga

Yankho: Agogo anuwo sakulakwitsa. Pachikhalidwe cha Ayao ndi Achewa ufumu umayenda kuchikazi, ndipo amene amalowa kawirikawiri ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Wolowayo satenga mpando wokha ayi. Amatenga dzina, ndipo pamodzi ndi dzinalo amatenganso ubale wonse wa mwini dzina woyamba uja. Ngati mfumu yoyamba inali malume wa amene anayambitsa mudzi wanu, ndiye kuti aliyense wolowa dzina limenelo ndi malume wa mudzi wanu, ngakhale akhale wopanda ndevu.

Taganizirani tsiku lolonga ufumu. Dzulo lake mnyamatayo anali kumunda kapena pamsika, anzake akumuitana ndi dzina la paubwana. Akuluakulu a mbumba akagwirizana, amamutengera m'nyumba kukamulanga usiku: asamatukwane, asamakondere pamlandu, asamadye yekha alendo ali pakhomo. Kukacha amatuluka naye pabwalo, amayi akululutira, ndipo kuyambira ola limenelo dzina lakale lija silimvekanso pagulu. Amene ankamutuma kukatunga madzi tsopano amagwada pomupatsa moni.

Katswiri wina, J. Clyde Mitchell, anakhala pakati pa Ayao a kwa Kawinga, Liwonde ndi Malemia kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analemba zimenezi m'buku lake la 1956, The Yao Village. Anaonanso kuti mayina a mafumu sanali ofanana kulemera. Ena anali ndi ufulu wochititsa zinamwali m'dera lawo, ndipo ochepa okha ndiwo ankaloledwa kumanga kumutu mlangali, nsalu yofiira ya ulemu. Ufulu umenewu unali wa dzina, kotero wolowa dzinalo ankaupeza ukumudikira.

Funso: Timamva za Gomani V ndi M'mbelwa V. Kodi manambala amenewa ndi mwambo wa makolo? — Wophunzira wa kusekondale, Liwonde

Yankho: Manambala a Chiroma anadza ndi pensulo ndi pepala. Makolo ankasunga mndandanda wa mafumu pamtima, ndipo ankawasiyanitsa ndi mayina awo obadwa nawo kapena ndi zimene zinachitika m'nthawi yawo. Olemba mbiri ndi akalaliki a boma ndiwo anafuna njira yachidule, natengera chizolowezi cha ku Ulaya kumene timamva mayina ngati Elizabeth II ndi Charles III.

Phindu la manambala ndi loti sitisokoneza anthu awiri a dzina limodzi. Gomani I, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896. Philip Gomani II anachotsedwa pampando ndi boma la atsamunda mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Onsewo ndi Gomani, koma aliyense ali ndi mbiri yake. Dziwaninso kuti kwa Angoni ufumu umayenda kuchimuna, kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, mosiyana ndi zimene tafotokoza za Ayao ndi Achewa.

Kusintha dzina polowa ufumu si kwa ife tokha. Mfumu George VI ya ku Britain kunyumba inkatchedwa Albert. Papa akasankhidwa amatenga dzina latsopano. Ku Roma, dzina la banja la Julius Caesar linasanduka udindo wa mafumu, ndipo patapita zaka mazanamazana Ajeremani anali ndi Kaiser, anthu a ku Russia ali ndi Tsar, onse kuchokera ku dzina limodzi lomwelo. Njira imene dzina la Mataka linayenda ndi yomweyo.

Funso: Anayamba ndani, tauni ya Liwonde kapena mfumu Liwonde? Nanga maudindo a T/A ndi Paramount Chief anachokera kuti? — Wamalonda, Mangochi Turn-off

Yankho: Inayamba ndi mfumu. Azungu a boma la Harry Johnston atafika m'mbali mwa Shire anapeza Liwonde akulamulira kale derali, ndipo linga limene anamanga analitcha Fort Liwonde. Tauni inakula ndi dzina lomwelo, kenako nkhalango yosungirako nyama yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 inalitenganso. Mukayang'ana mapu a maboma a Machinga ndi Balaka mupeza kuti Chikweo, Ngokwe, Nyambi, Mposa ndi Nkaya ndi mayina a malo komanso a mafumu. Boma la Machinga kale linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka inali mbali yake mpaka mu 1998 pamene inakhala boma palokha.

Maudindo a Chingerezi ndi a posachedwa poyerekeza ndi mayinawo. Kawinga analimbana ndi atsamunda ali paphiri la Chikala mpaka linga lake linagwa mu 1895. Atagonjetsa mafumu, azungu anaona kuti sangathe kutolera msonkho ndi kuweruza milandu popanda iwo. Lamulo la 1912 linabweretsa ma Principal Headman, la 1933 linabweretsa ma Native Authority, ndipo dziko litalandira ufulu, lamulo la mafumu la 1967 linayala maudindo amene tikuwadziwa lero, omwe mtsogoleri wa dziko amavomereza. Nchifukwa chake lero timati Paramount Chief Kawinga. Udindowo ndi wa boma, pamene dzinalo ndi la mbumba, ndipo linalipo boma la Nyasaland lisanabadwe.

Funso: Kodi ndi kulakwa kutenga dzina la mfumu yeniyeni n'kuliika m'nthano kapena m'sewero la pawailesi? — Mlembi wachinyamata, Balaka

Yankho: Ngati mukulemba mbiri yeniyeni, litchuleni, koma mufufuze mokwanira ndipo mukacheze ndi akuluakulu a banjalo. Ngati nkhani ndi yopeka, lisiyeni. Dzina la ufumu lili ndi mwini wake amene ali moyo lero, lili ndi mbumba, manda ndi malire a minda. Mukaika mfumu yankhanza kapena yakuba m'sewero n'kuitcha Kalembo kapena Sitola, omvera sadzaganiza za munthu wa m'mutu mwanu. Adzaganiza za Gogo Chalo amene amawaweruza milandu, ndipo mudzakhala mwanyoza anthu osalakwa.

Kupeka dzina labwino sikovuta kwa amene amatchera khutu. Mverani mmene mayina enieni amayambira: Ka- wa Kawinga, Chi- wa Chiwalo, M- wa Mlomba. Lumikizani chiyambi chotere ndi ntchito ya mfumu yanu. Imene inapulumutsa anthu pa chaka cha njala ingakhale Msungankhokwe, pamene yolanda midzi ya anzake ingakhale Chimezamidzi. Ipatseni mfunda, Phiri kapena Banda, Mbewe kapena Milanzi. Musaiwale mayi ndi alongo ake, pakuti mu ufumu wa Amaravi Nyangu ndiye ankabala a Kalonga, ndipo mfumu yopanda mbumba siimveka kwa omvera a kuno. Sankhaninso mtundu umodzi ndi kuutsata: mfumu ya Chiyao isalandiridwe ndi Bayethe wa Angoni.

Opanga filimu ya Black Panther ya 2018 anaonetsa dziko lopeka la Wakanda ndi mfumu T'Challa, koma kuti zimveke zenizeni anabwereka chiyankhulo cha isiXhosa cha ku South Africa. Ife sitifunika kubwereka kutali. Samuel Josia Nthara analemba Nthondo mu 1933, nkhani ya mnyamata wa kumudzi amene anadzakhala mfumu, ndipo dzina, mudzi ndi miyambo zonse anazitenga pakhomo. Inunso pitani kwa agogo a m'mudzi mwanu, muwafunse mndandanda wa amene analowa dzina la mfumu yanu kuyambira woyamba, ndipo muulembe m'kope iwo akadali moyo.