Kukhumudwa

Mawu akuti kukhumudwa amanena za kupunthwa pamwala kapena pachitsa, komanso za mtima ukagwa chifukwa cha cholakwika. Azachipatala amawagwiritsa ntchito potchula matenda amene munthu amakhala wachisoni masabata awiri kapena kuposa, osagona bwino, osafuna ngakhale kulima.

Amayi ena amakhumudwa motsatira msambo. Kutatsala sabata imodzi kapena masabata awiri kuti apite kumwezi, amapsa mtima msanga, amalira, amada nkhawa, ena mpaka kuganiza zodzipha. Msambo ukayamba, mtima umakhala pansi patangopita masiku ochepa. Si nkhanza kapena kulodzedwa ayi: ubongo wawo umakhudzidwa kwambiri ndi kusintha kwa mahomoni. Bungwe la WHO linaika vutoli m'ndandanda wa matenda mu 2019.

Mwachitsanzo, mayi wa ku Mkanda amene ali ndi vutoli angayambire pachipatala chaching'ono cha komweko, n'kutumizidwa kuchipatala cha boma la Mchinji. Kulemba masiku ovutawo kwa miyezi iwiri kumathandiza dokotala. Mankhwala a fluoxetine amatenga masabata angapo kuti athandize okhumudwa ndi ankhawa, koma pavuto la msambo amagwira msanga, moti ena amamwa masiku 14 okha msambo usanayambe.